Misoti yanga ikukana khola, ikugona mumtengo wa nimu. Ndichite bwanji?

Mayi wa ku Bangula

Moni nonse. Ndimakhala chakumtunda kwa Bangula, kumadzulo kwa msewu wa M1. Tinasamukira kuno madzi a namondwe wa Freddy atatichotsa kumunsi mu Malichi 2023. Nkhuku zanga zonse 17 zinapita usiku umodzi pamodzi ndi khola lake. Kuchokera nthawi imeneyo pakhomo panga panalibe ndi kamwanapiye komwe, ndipo mlendo akabwera ndinkasowa chomugwirira. Chaka chino nditagulitsa mbatata ya kudimba ndinati ndiyambirenso.

Ndinagula nkhuku 9 zachikuda, misoti 7 ndi atambala ang'onoang'ono awiri. Zinayi ndinagula kwa mayi wina m'mudzi mwathu muno, zisanu pamsika. Zonse n'za miyezi itatu kapena kupitirira pang'ono, zongosiyana kumene ndi make. Bambo a kunyumba anandimangira khola la m'mwamba, lofika m'chiuno, pansi pake poyala bango, m'mbali momata dothi, denga la lata lomwe tinatola pa nyumba yathu yogwa ija. Mitengo ina ndi mphanda ziwiri tinakazula pa khola lakale la alamu anga, lomwe linangokhala opanda nkhuku kwa miyezi ingapo.

Vuto ndi ili: sizikulowamo. Dzuwa likangoti lapendeka zimayamba kuzungulira kuseri kwa khitchini, zikuyang'ana m'mwamba, kenako imodzi imalumphira pa thandala la mbale, kuchoka pamenepo pa denga la bafa, basi mumtengo wa nimu. Zinzake zonse pambuyo. Ndakhala ndikuzithamangitsa ndi ana madzulo alionse, wina nsungwi, wina chitenje, fumbi lili koboo, anthu odutsa n'kumaima kuonerera. Tikagwira zitatu, zina zakwera kale kunsonga.

Lachiwiri lapitali m'mawa ndinapeza nthenga zili mbwee pansi pa mtengowo, ndi phazi limodzi lokha. Msoti wofiira, womwe unali waukulu pa yonse. Anzanga akuti ndi vumbwe. Atandiona ndikudandaula, mnansi wina anati ndizitsekere m'khola sabata yathunthu osatulutsa, zizolowere. Ndinatero. Tsiku lachiwiri cha m'ma 1 koloko masana ndinakasuzumira, zonse zili kukamwa yasa, mapiko atagwa, zikupuma mwabefu. Imodzi inali itagona chammbali. Ndinaithira madzi koma sinadzuke. Mukudziwa kutentha kwa Okutobala kuno. Ndinatsegula chitseko pomwepo, ndipo usiku umenewo zinabwerera mumtengo.

Zatsala 7. Ndithandizeni anzanga. Kodi nkhuku zopanda make zimaphunzira bwanji kulowa zokha? Ndidule mtengowo? Ndiwo mthunzi wokha umene tili nawo pakhomo pano. Kapena ndizidule mapiko? Kale sindinkavutika chonchi, thadzi linkalowa, ana ake n'kumatsatira, ine n'kungotseka.

Gogo wa ku Ngabu

Amayi, pepani chifukwa cha ziwiri zapitazo. Mtengowo musadule. Muzaulira mu Novembala.

Ndisanakuuzeni za kaphunzitsidwe, ndikufunseni kanthu. Mwati mitengo ina munazula pa khola lakale. Kodi munayamba mwalowetsamo mutu m'kholamo usiku? Osati masana, usiku, cha m'ma 9 koloko, ndi tochi. Unikani m'ming'alu ya dothi, pansi pa makungwa a mitengo, ndi pamene mtengo wakumana ndi unzake. Mutenge kansanza koyera mupukute kunsi kwa mtengo womwe zimayenera kuterapo. Mukaona timizere tofiira ngati magazi, ndiye kuti muli utitiri. Mukaona tina taphwatalala, totuwa, tokulirapo ngati njere ya chitowe kapena kuposa, ndi nkhufi. Zinthu zimenezi sizikhala pathupi pa nkhuku masana. Zimabisala m'ming'alu, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi, kukamacha n'kubwerera. Ndipo nkhufi zimatha kukhala miyezi yambirimbiri osadya kanthu zili moyo. Khola la alamu anu linalibe nkhuku, koma eni ake ena analimo. Nkhuku ikamalumidwa usiku imatha kukana khola, ngakhale muithamangitse ndi mudzi wonse. Ine zinandichitikira, ndinkanena kuti nkhuku zanga n'zamwano, chonsecho zinkathawa kudyedwa.

Chachiwiri ndi lata. Kuno kuchigwa, kumene thupi limatuluka thukuta utangokhala pansi pa mtengo, khola la lata lomata mbali zonse ndi uvuni. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa makamaka ndi kukamwa, ndiye mpweya womwe ikupumawo ukakhala wamoto imafa mukuona. Ndipo dothi limasunga kutentha mpaka pakati pa usiku. Inuyo mu Okutobala mumagona m'nyumba? Ambirife timayala mphasa panja. Nkhukunso zikuchita zomwezo, mumtengo mukuwomba kamphepo. Malangizo a kutsekera aja si olakwika, koma anachokera kwa anthu a kumalo ozizira, ku Thyolo kapena ku Dedza, ndipo kuno amafunika kuwakonza.

Ndikanakhala ine ndikanatere. Chotsani latalo mufolere ndi udzu kapena masamba a mgwalangwa. Ngati latalo mukulifuna chifukwa cha mvula, lisiyeni koma muunjike udzu wochindikala pamwamba pake. Gumulani dothi la theka lam'mwamba mbali ziwiri zoyang'anizana, mulukepo bango mothithikana, mipata yake yosalowa chala chachikulu, kuti mphepo izidutsa koma njoka ndi nyenga zilephere. Mitengo yakale ija sendani makungwa onse, muiwambe pamoto wa mapesi, kapena ingoitayani. M'kati monse thirani madzi owira, mukauma muwaze phulusa lambiri, makamaka m'makona. Phulusa lina muzithira kuzungulira mphanda pansi, limathandiza kuletsa linthumbwi.

Muikemo mtengo woterapo, wonenepa ngati mpini wa khasu, wopingasa. Nkhuku ya msinkhu umenewo mtima wake umafuna kugona pamwamba, zala zitagwira kanthu. Mukaipatsa bango lathyathyathya lokha, ikafuna nthambi kwina.

Mukakonza zonsezo, ndiye kuphunzitsa. Musazithamangitsenso madzulo. Mukamatero zimayamba kuona khola ngati malo amene zimagwidwirapo. Zisiyeni zikwere, kude bii. Nkhuku siona usiku, imangokhala phee, mumaitola ngati dzungu. Mnyamata akwere mwakachetechete, aziitenga imodziimodzi atagwira mapiko onse awiri, inu muziikhazika pa mtengo woterapo uja. Chinsinsi chake n'chakuti nkhuku imabwerera kumene yadzukira. Ikadzukira m'khola masiku angapo otsatizana, n'kutsika yokha pa makwerero, njira imeneyo imalowa m'mutu. M'mawa musazitulutse ndi manja, tsegulani chitseko muchokepo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi. Zina zimamva masiku atatu, zina sabata ziwiri.

Mayi wa ku Bangula

Agogo, ndachita zomwe munanena usiku wathawu, ndipo mpaka pano thupi likundinyerenyetsa. Nditangounika pa mphanda ija ya kwa alamu, pamene khungwa linatukuka, zinali nyakanyaka. Kansanza kanatuluka kofiira. Ndinaika dzanja pa bango kanthawi kochepa, tina tinayamba kundikwera pamkono. Ndiye ine masiku awiri aja ndinazitsekera mmenemo, pamoto, zikudyedwa. Mtima wandipweteka kwambiri. Bambo akuti Loweruka tiphwasula mbali imeneyo.

Msodzi wa ku Makhanga

Achemwali, ine ndiyankhula zosiyana ndi agogo, mundikhululukire. Nkhuku zanga zimagona mumtengo wa msawu chaka chonse, ndipo sindinamangepo khola. Pa madzi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022, mtsinje wa Ruo utasefukira, anzanga amene anatsekera nkhuku m'makola sanapulumutse ngakhale imodzi. Madzi anabwera usiku, munthu umayamba wanyamula mwana, za chitseko cha khola sukumbuka. Zanga tinazipeza patapita masiku, zili m'nthambi, zowonda koma zamoyo. Inunso mwanena nokha kuti 17 zija zinapita ndi khola. Nkhuku yamumtengo sivutika kwambiri ndi kutentha, ndipo wakuba amavutika nayo chifukwa ikangogwedezeka nthambi zonse zimalira, pamene zam'khola amangonyamula zonse m'thumba limodzi.

Za vumbwe ndikuvomera, amatenga. Pachaka ndimataya ziwiri kapena zitatu. Koma kulungani lata losalala kuzungulira thunthu la mtengowo, lotalika ngati mkono wonse, kuyambira cha m'chifuwa kupita m'mwamba, zikhadabo zake ziziterereka. Mudulenso nthambi zomwe zagunda denga la bafa. Lata lomwe agogo akuti muchotse pakholalo ligwire ntchito imeneyo.

Mapiko okha musadule. Nkhuku yosauluka ndi ndiwo ya agalu.

Wotemera nkhuku, Nchalo

Amayi, zikomo pofotokoza bwino chonchi. Ine ndimayenda m'midzi ya kuno kwathu kudontheza katemera wa chitopa, ndiye nkhani ya nkhuku zogona mumtengo ndimakumana nayo tsiku ndi tsiku.

Achimwene a ku Makhanga akunena zoona pa za madzi, ndipo amene amakhala malo osefukira aziganizire. Koma amayiwa asamukira kumtunda. Ndipo chimene chimatha nkhuku m'midzi mwathu chaka ndi chaka, kuposa vumbwe ndi madzi, ndi chitopa, makamaka nyengo ino yotentha. Katemera wake, uja wa I-2, ndi dontho limodzi m'diso limodzi, nkhuku iliyonse ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse. Kuti udontheze uyenera kuigwira. Ndikafika pakhomo 6 koloko m'mawa, a khola amangotsegula tizitenga imodziimodzi, mphindi khumi tathana. A mtengo amandiuza kuti zatsika kale, mubwere mawa. Botolo likatsegulidwa silikhalitsa, makamaka ndi dzuwa lathuli ngakhale ulikulunge m'kansalu konyowa, ndiye mawa lakelo nthawi zambiri silifika. Patapita mwezi umamva kuti zatha zonse, makosi atapindika.

Mwati zisanu munagula pamsika. Pamsika ndi pomwe chitopa chimakwerera ulendo, chifukwa munthu akaona kuti zayamba kuodzera amathamangira kukagulitsa. Ulendo wina nkhuku yachilendo muziyamba mwaisunga payokha sabata ziwiri. Panopa, ngati zonse zikudya bwino, sizikuodzera ndipo zitosi sizobiriwira, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu kuti katemera abwera liti. Katemerayu sachiza, amateteza nkhuku yomwe isanadwale, ndiye osadikira kuti ziyambe.

Pa kaphunzitsidwe ndingoonjezera pa mawu a agogo. Chakudya ndicho chingwe chanu. M'mawa musazipatse kanthu kupatula madzi, zikadzifunire ziwala ndi chiswe. Madeya, misere ya mapira kapena mchewere, zonse muzisungira madzulo, cha m'ma 5 koloko, zisanayambe kuyang'ana mumtengo. Muike m'kachitini muzigwedeza, kulira kwake kukhale komweko tsiku lililonse, munthunso akhale yemweyo. Tsiku loyamba wazani pansi pa makwerero. Lachiwiri pa makwerero penipeni. Kenako pakhomo pa khola, kenako m'kati. Madzi akumwa akhale m'phale pansi pa kholapo pamthunzi, kuti masana onse zizibwerabwera pamenepo.

China chomwe anthu saganizira ndi mdima. Nthawi imene panja kukuoneka bwinobwino, m'khola lomata mumakhala mutada kale, ndipo nkhuku silowa malo amene sikuona poponda. Mukatsegula m'mbali monga anenera agogo, kuwala kulowa. Ngati muli ndi katochi ka sola, kapachikeni m'kati kwa theka la ola dzuwa likamalowa, zikakhazikika muzimitse. Masiku ochepa okha, sikuti mpaka kale.

Makwerero asakhale oimirira kwambiri. Nkhuku zazing'ono zimaopa.

Ngati mukufunabe kuzitsekera masana, musazitsekere m'khola momwemo. Zingani kampanda ka bango kuzungulira mphanda zonse, pamwamba muphimbe ndi neti yakale ya nsomba, kuti masana zizikhala pansi pa khola pamthunzi, pali madzi ndi dothi losambamo, koma kumtengo kulibe njira. Kukada malo okwera okha amene zingapeze ndi makwerero aja. Masiku anayi kapena asanu amakwana.

Gogo wa ku Ngabu

Mwana wa ku Nchaloyu wanena zakupsa. Kampanda ako ndi nzeru. Ndinaiwala chimodzi: yang'anani kuti imayamba kukwera mumtengo ndi iti. Pagulu lililonse pali mtsogoleri. Mukaigonjetsa imeneyo, zinazo n'zongotsatira. Ngati mnansi wanu ali ndi thadzi lokalamba lofatsa, lozolowera khola, mubwereke kapena musinthane ndi tambala mmodzi, popeza atambala awiri pa misoti isanu adzangomenyana. Koma likhale loti linalandira katemera, lochokera pakhomo pomwe simunafe nkhuku posachedwa.

Mayi wa ku Bangula

Ndabweranso patatha masiku 16 kuti ndikuuzeni mmene zayendera, popeza munandithandiza ndi mtima wonse.

Loweruka lija tinaphwasula. Mphanda ziwiri za kwa alamu tinaziotcha, sindinafune n'kuziwamba komwe. Bambo anakadula zina zatsopano, tinasenda makungwa. Dothi tinagumula kuyambira pakati kupita m'mwamba, mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo, mwana wanga wamkulu n'kuluka bango. Ndinawiritsa madzi ndowa zitatu. Denga tinafolera udzu, ndipo tsiku lomwelo masana nditalowetsa mkono ndinamva kusiyana, munali ngati pansi pa mtengo. Lata lija tinakulunga pa nimu monga ananenera achimwene a ku Makhanga, poti masiku oyambawo zinali zikugonabe komweko mpaka titazitsitsa. Achimwene, mawu anu a chitseko aja sindinawataye. Ndamanga chingwe choti munthu akhoza kukoka kamodzi chitseko n'kutseguka, ndipo ana onse ndawaonetsa. Mvula ikadzakula ngati ija, ndidzatsegula ndisanagone.

Neti ya nsomba sindinaipeze, ndiye kampanda sitinamange. Tinatsata njira ya kutola usiku ndi ya kachitini. Usiku woyamba mnyamata wanga wa zaka 12 anakwera, ine ndili pansi ndi tochi nditaiphimba ndi chala kuti isawale kwambiri. Zoonadi agogo, sizinalimbe n'komwe, zimangoti kwee pang'ono basi. Ndinadabwa kupepuka kwake, ina chifuwa chili chakuthwa ngati mpeni. Ndikuganiza kuti magazi aja zinatayadi. Tinachita chonchi mausiku asanu ndi limodzi. Sindinama, tsiku lachinayi ndinatopa, ndinali nditachokera kudimba, miyendo ikuwawa, ndipo ndinangofuna kuzisiya. Mwanayo ndi amene anati amayi tiyeni, tatsala pang'ono.

Kachitini kanagwira msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Pofika tsiku lachitatu ndikangogwedeza zimachokera kutchire kuseri kwa nkhokwe zikuthamanga, makosi atatambasuka. Ndimathira misere ya mapira yosakaniza ndi madeya, manja awiri basi. Poyamba zimadya pa makwerero n'kubwerera kumtengo. Mtsogoleri ndinamupeza: si tambala ayi, ndi kamsoti kakuda kopanda nthenga m'khosi, kamene ndinagula pamsika. Ndiko kamayamba kulumphira pa thandala. Thandalalo tinalisuntha kupita nalo kutsogolo kwa nyumba, nthambi yogunda bafa tinadula.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinakhala pa mtondo chapatali, ndikusenda nyemba, osayang'ana kwenikweni. Zitatha kudya, kakuda kaja kanapita pomwe panali thandala, kanazungulira kawiri, kanayang'ana m'mwamba, kanabwerera. Kanaima pansi pa makwerero nthawi yaitali, kakupendeketsa mutu. Kenako kanakwera masitepe awiri, kanatsika, kanakweranso, kanasuzumira pakhomo, kanalowa. Ndinasiya kusenda, ndinaopa ngakhale kutsokomola. Zinayi zinatsatira motsatizana, zikukankhana pa makwerero. Ndinaitana bambo monong'ona kuti adzaone.

Ziwiri zinatsala usiku umenewo, tinazitola. Patapita masiku awiri imodzi inayamba kulowa yokha. Thadzi la mnansi sindinabwereke, kwawo kunafa nkhuku mwezi watha ndiye ndinaopa. Alangizi ndinawapeza, katemera tinadontheza Lachisanu lapitali, zonse 7, ndipo ndalemba pa khoma la khitchini ndi khala mwezi wodzabwerezanso. Kansanza koyera ndikupukutabe Lamlungu lililonse usiku. Sabata yoyamba kanatuluka ndi timadontho tiwiri, ndinathiranso madzi owira ndi phulusa. Dzulo kanatuluka koyera.

Yatsala imodzi, tambala wamng'ono uja. Ameneyu akalowa, mnzake wamkulu amamujompha mpaka atuluke, ndiye akugona pa mtanda wa pansi pa khola, pakati pa mphanda. Usiku uliwonse ndimamutola n'kumuika pakona mnzakeyo atagona. Agogo, kodi ndiike mtengo woterapo wachiwiri chakumunsi kuti azigona payekha, kapena ndingomusinthitsa ndi thadzi monga munanenera? Ana akumukonda, ndi amene amadya m'manja mwawo.